Nkhani ikaima pakati, kodi ndi luso lathawa kapena ndi thupi latopa?

Mkonzi_waKapata
Anzanga olemba, ndili ndi dandaulo. Pagulu pano sabata siitha popanda wina kunena kuti mutu wauma, sewero la pawailesi laima pa gawo lachitatu, ndakatulo sizikubweranso. Mayankho athu ndi omwewo nthawi zonse: werengani mabuku ambiri, dikirani, zibwera zokha. Palibe amafunsa kuti munthuyo wagona maola angati, wadya chiyani, akulembera pa mpando wotani. Ntchito yanga ndi kukonza zolemba za ena, ndipo tsamba la munthu wotopa limadziwika: mawu amodzimodzi kubwera katatu m'ndime imodzi, dzina la munthu wa m'nkhani kusintha pakati pa mutu, anthu onse a m'sewero kuyankhula mofanana. Pano tili ndi anamwino, aphunzitsi, amisiri. Tiuzeni mwatchutchutchu, thupi limaononga bwanji ntchito ya mlembi, ndipo munthu ayambe kufufuza pati?

NamwinoWaKuKatete
A Mkonzi, mlembi akati mutu sukugwira kwa masabata angapo, ayambire ku chipatala asanayambe kudzikayikira.

Malungo ndiwo oyamba. Kuno kum'mawa kwa Zambia, mvula ikangoyamba mu Novembala mpaka cha mu Meyi, munthu wamkulu amatha kuyenda nawo osagona pansi: mutu kuwawa madzulo, kuphwanya m'thupi, kusafuna chakudya. Iye amati ndi kutopa chabe. Kupima kwa pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20. Akapezeka, Coartem wa munthu wolemera kupitirira makilogalamu 35 ndi mapiritsi 24: 4 nthawi yomweyo, 4 pakapita maola 8, kenako 4 m'mawa ndi 4 madzulo kwa masiku 2. Amwere pa chakudya cha mafuta pang'ono, mkaka kapena phala la nsinjiro, chifukwa popanda mafuta mankhwalawa salowa bwino m'magazi. Ambiri amalakwitsa tsiku lachiwiri. Thupi lapepuka, asiya mapiritsi, abwerera pa ntchito, ndipo pakapita masabata angapo malungo aja abweranso.

Kenako magazi. Malungo obwerezabwereza, likodzo, njoka za m'mimba ndi msambo wochuluka zimachepetsa magazi, ndipo magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku bongo. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, ikatsika pansi pa 12 kwa mkazi, pansi pa 13 kwa mwamuna, munthu amawerenga ndime katatu osaimva, amapuma wefuwefu pokwera kaphiri ngati ka Kanjala, mtima umagunda msanga. Ali komweko apemphe ampime BP ndi shuga. BP ya 140/90 kapena kuposa, yopezeka pa masiku osiyana, imafuna chithandizo ngakhale munthu sakumva kanthu. Shuga wa m'mawa asanadye akafika 7, apimidwenso tsiku lina.

Ndakatulo_zaUsiku
Pepani, koma izi ndi za anthu okhuta. Zolemba zamphamvu zimachokera m'mavuto. Alipo amene analemba ali m'ndende, ena ali ndi njala. Mlembi wogona maola 8 adzalemba chiyani chogwira mtima?

Mkonzi_waKapata
A Ndakatulo, mavuto amapereka nkhani, inde. Koma mphamvu yoikhalira pansi nkhaniyo miyezi 6, kuilemba, kuifufuta, kuilembanso, mavuto sapereka. Timawerenga amene anapulumuka. Amene njala ndi matenda zinawasiyitsa cholembera pakati sitiwadziwa ngakhale mayina.

Ndakatulo_zaUsiku
Nanga bwanji maganizo abwino amabwera 1 koloko usiku, osati 9 koloko m'mawa munthu atagona bwino?

MphunzitsiWaKuChadiza
Funso limeneli ndi labwino ndipo lisanyozedwe. Kulemba kuli ntchito ziwiri zosiyana. Ina ndi kutulutsa maganizo, ina ndi kuwasefa. Munthu akatopa, kusefa kumafooka, ndiye maganizo achilendo amadutsa mosavuta. Komanso usiku kuli zii, ana agona, foni siilira. N'chifukwa chake usiku umaoneka wokoma. Vuto n'lakuti kusefa kofookako ndi kumene kumakuuzani kuti zimene mwalemba ndi zabwino, pamene mwina si zabwino. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu wokhala maso maola 17 amagwira ntchito mofanana ndi munthu amene mowa wafika 0.05 peresenti m'magazi. Mukadzuka 5 koloko m'mawa, maola 17 amakwana 10 koloko usiku. Choncho ganizo la usiku lilembeni m'kabuku, mizere iwiri itatu, mugone. Kumanga chiganizo, kufufuta ndi kuwerengera zaka za anthu a m'nkhani, muchite mutagona.

Njira yotulutsira maganizo popanda kudzimana tulo ilipo. Mu 2014 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti anthu amatulutsa maganizo atsopano ochuluka akamayenda kusiyana ndi akakhala pansi, pafupifupi 60 peresenti. Koma pa mafunso ofuna yankho limodzi lolondola, kuyenda sikunathandize. Ndiye ngati simukudziwa chimene munthu wanu achite pa gawo lotsatira, yendani mphindi 15 kapena 20, foni ili pojambula mawu. Ngati mukukonza kalembedwe, khalani pansi.

Mnyamata_waNavutika
Kuyenda ife timayenda kale, kupita ku tauni ndi kubwera. Sizikuthandiza.

MphunzitsiWaKuChadiza
Kuyenda kothawa njinga ndi magalimoto pa Umodzi Highway, mutu uli pa ndalama ya rendi, ndi kwina. Musananyamuke werengani tsamba lomaliza limene munalemba, mutenge funso limodzi, muyende nalo njira yopanda phokoso.

Fiziyo_Chipata
Ine ndikambe za khosi, msana ndi manja, chifukwa izi ndi zimene zimadula nthawi ya mlembi. Munthu amafuna kulemba maola 3, koma pakatha mphindi 40 ululu wayamba, ndipo maganizo onse asamukira pa phewa.

Ambiri pano amalembera pa foni. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo mukauweramitsa kwambiri kuyang'ana foni ili pamiyendo, minofu ya kumbuyo kwa khosi imanyamula katundu woposa pamenepo kangapo. Mutu wowawa ngati wamangidwa lamba, woyambira kumbuyo n'kubwera pachipumi, nthawi zambiri umachokera pamenepa. Kulemba ndi chala chachikulu chokha kumatupitsa mitsempha ya m'mbali mwa dzanja, pamene pamakhala wotchi. Njira yake: foni iimikidwe pa tebulo, itsamire mabuku, ndipo mugule kiyibodi yaing'ono ya Bluetooth. Wa laputopu ali ndi vuto lina: sikirini ikakhala bwino, manja ali m'mwamba, manja akakhala bwino, khosi lawerama. Ikwezeni pa mabuku mpaka m'mphepete mwa pamwamba mwa sikirini mufanane ndi maso, mtunda wa mkono umodzi, mulumikize kiyibodi yapadera.

Zigongono zipindike ngati ngodya ya nyumba, mapewa asakwere, mapazi apondedi pansi. Kumunsi kwa msana ikani thaulo kapena chitenje chokulunga, chonenepa ngati mkono. Ndipo ngakhale mutakhala bwino chotani, mphindi 30 mpaka 45 zilizonse imirirani mphindi 2. Kukhala kumodzi nthawi yaitali ndiko kumapweteka kuposa kukhala mopotoka pang'ono.

Kalipentala_waMchini
A Fiziyo anena zoona, ndiwonjezere miyeso. Tebulo lolemberapo likhale masentimita 72 mpaka 75 kuchokera pansi. Mpando masentimita 43 mpaka 45. Chofunika kwambiri ndi mpata wa pakati pa pokhalira ndi pamwamba pa tebulo, ukhale masentimita 27 mpaka 30. Anthu amalakwitsa pogula tebulo kwa mmisiri uyu, mpando kwa uyo. Ena amalembera pa katebulo ka pabalaza ka masentimita 40 atakhala pa sofa, msana wapindika. Ngati muli wamfupi, musadule miyendo ya tebulo, ikani njerwa kapena thabwa pansi pa mapazi. Thabwa lopingasa la pansi pa tebulo lisapitirire masentimita 10, apo ayi limagunda ntchafu ndipo mumakhala patali n'kumawerama. Mipando ya pulasitiki ya pamaliro si yolemberapo, pokhalira pake pamapendekera kumbuyo.

MayiWaSewero
A Kalipentala, thabwa labwino ndi liti, mlombwa kapena paini?

Kalipentala_waMchini
Mlombwa, umene ena amati mukwa, sudyedwa msanga ndi chiswe ndipo supindika ukauma, koma ndi wodula. Paini ndi wotchipa komanso wopepuka, koma afunika wouma bwino ndi kupakidwa mankhwala a chiswe, ndipo ndi wofewa: mukalemba ndi bolopeni pa pepala limodzi, zilembo zimatsala pa thabwa. Mukasankha paini, pamwamba muike galasi kapena kadibodi yolimba. Thabwa laliwisi mudzalidziwa polemera ndi kuzizira mukaligwira. Limenelo lidzang'ambika mu Okutobala.

Mnyamata_waNavutika
Mukwa masiku ano ambiri akugulitsa wabodza, mtengo wina wopakidwa utoto wofiira.

Kalipentala_waMchini
Palani pang'ono pansi ndi mpeni. Utoto umathera pamwamba, mlombwa weniweni mtundu wake umalowa mpaka mkati.

Mkonzi_waKapata
Za matabwa tamva, zikomo. Tibwerere ku thupi. Palibe wakamba za maso, pamene maso ndiwo chida chathu.

WaZaMaso
Ndinali kudikira. Poyang'ana sikirini munthu amaphethira mochepa kwambiri kusiyana ndi nthawi zina, ndiye misozi yopyapyala imene imaphimba diso imauma. Maso amayabwa, amamva ngati muli mchenga, zilembo zimayamba kusambira. Mu Ogasiti ndi Seputembala, ndi fumbi ndi utsi wa tchire lopsa, zimanyanya. Mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, muphethire dala kangapo. Ikani tebulo kuti zenera likhale chambali, osati kutsogolo kapena kumbuyo kwanu. Fani isaombe kumaso.

Kwa amene mwapitirira zaka 40, ngati mukutalikitsa pepala kuti muwerenge, kapena mutu ukuwawa pamwamba pa maso mukawerenga theka la ola, ndi kukalamba kwa diso, si matenda. Magalasi owerengera amayambira cha pa +1.00, ndipo pofika zaka 50 ambiri amafuna cha pa +2.00. Powayesa gwirani pepala pa masentimita 40, musankhe ofooka kwambiri mwa amene mukuonera bwino. A pakompyuta amakhala ofookerako chifukwa sikirini ili patali kuposa pepala. Olemba akuluakulu ambiri amaleka kuwerenga pang'onopang'ono n'kumati chidwi chatha, pamene vuto ndi limeneli.

Koma magalasi a pamsika sapima diso. Matenda a glaucoma samva kuwawa, amadya kuona kwa m'mbali mwakachetechete, ndipo chimene chapita sichibwerera. Pitani akakupimeni ku chipatala cha Mwami kapena cha Chipata Central. Wa shuga asagule magalasi shuga asanakhazikike, chifukwa kuona kumasintha shuga akakwera ndi kutsika. Ndipo mankhwala odontheza m'maso ogula popanda kulemberedwa, makamaka amene ali ndi steroid, amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso mukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali.

Ndakatulo_zaUsiku
Nonse mukukamba ngati tili ndi ufulu wosankha nthawi. Malaiti akabwera pakati pa usiku, mumalemba pakati pa usiku. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba ndani analemba masana pa kompyuta?

Sola_waLundaziRoad
Apa a Ndakatulo ali ndi mfundo, koma yankho lilipo: usiku tchajani, masana lembani. Si inu muyenera kudzuka, ndi batire. Siyani laputopu, foni ndi pawabanki zili zolumikiza, mugone. Amene mukufuna sola yaing'ono, werengerani motere. Chulukitsani mawati ndi maola: babu la LED la mawati 5 kwa maola 4 ndi 20. Laputopu imene imadya mawati pafupifupi 40 kwa maola 4 ndi 160. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 pa muyeso womwewo, koma la asidi musalitsitse kupitirira theka, ndiye muli ndi 600. Zikukwanira ndi kutsala. Kulakwitsa kofala ndi kugula batire la galimoto. Limenelo linapangidwira kulizira injini masekondi ochepa, mukalitsitsa tsiku ndi tsiku limafa m'miyezi yochepa. Funsani la deep cycle, ndipo pakati pa panelo ndi batire pakhale kontirola, kachipangizo koteteza batire potchaja.

NamwinoWaKuKatete
Popeza takamba za usiku, chenjezo ili lifike kwa aliyense. Mu Juni ndi Julayi olemba amatseka zitseko ndi mazenera, mbaula ili pambali pa mapazi. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo tosadziwika bwino, zimene mlembi angaziyese kutopa n'kugona pomwepo. Anthu amafa motero. Mbaula ikhale panja kapena pakhonde. Valani juzi, masokosi, fundani bulangeti. Jenereta nayo isalowe m'nyumba kapena pafupi ndi zenera. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda chotero, mtulutseni panja msanga ndi kuthamangira naye ku chipatala.

MayiWaSewero
Zonsezi zikumveka, koma mukulankhula za mlembi amene ali ndi chipinda chake. Mlembi wamkazi amadzuka 4 koloko, madzi, phala la ana, ntchito, msika, kuphika, mbale. Nthawi imene imatsala ndi 10 koloko usiku, thupi litatha kale. Ndiye akati munthu azigona maola 7 mpaka 9, alembe liti? Ndipo masiku a msambo palibe wawatchula kupatula a Namwino.

AgogoAmabuku
Mwanawe, wanena chinthu chachikulu. Yankho lina lili m'nyumba osati m'thupi. Ola limodzi lotetezedwa katatu pa sabata, pamene wina wagwira mwana ndi mbale, limabala masamba ambiri kuposa maola 3 a usiku uliwonse ukusinza. Mawu 300 pa ola si ambiri. Katatu pa sabata ndi 900, ndipo pa chaka apitirira 45,000. Limenelo ndi buku. Abambo muli pagulu pano, ngati m'nyumba mwanu muli mlembi, olalo ndi lanu kulipereka.

Mnyamata_waNavutika
Mawu 300 ndi ochepa kwambiri, agogo. Ena amalemba 2,000 tsiku limodzi.

Mkonzi_waKapata
Amalemba 2,000 Lolemba, kenako masabata 3 osakhudza. Akabwerera aiwala mawu a anthu awo, ndipo mkonzi amaona msoko pamene analekezera.

NamwinoWaKuKatete
Amayi a Sewero, za msambo ndiyankhe bwino. Ngati ukupitirira masiku 7, kapena mukusintha padi ola lililonse kapena maola 2, kapena mukutuluka zibuma zazikulu, si chinthu chongopirira, kapimitseni magazi. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawadzimbitsa, zimenezo zisakuopseni. Amamwedwa miyezi ingapo, osati sabata imodzi, chifukwa Hb ikakwera nkhokwe ya ayironi m'thupi imakhala isanadzaze. Pa chakudya, chiwindi, nyama ndi kapenta zimapereka ayironi wolowa msanga. Nyemba, khobwe, nshawa, bonongwe ndi nkhwani zilinso naye, koma amalowa bwino mukadyera pamodzi ndi tomato wosapsetsa, gwafa, lalanje kapena malambe. Tiyi amatchinga ayironi. Musamwe tiyi pa chakudya kapena pomwera mapiritsiwo, dikirani ola limodzi kapena awiri. Masiku a ululu muwapatse ntchito yopepuka: kutaipa zimene munalemba kale pamanja, kusanja mafayilo, kuwerenga.

Fiziyo_Chipata
Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, pamimba kapena pamsana, limathandiza masiku amenewo. Brufen osamwa m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena wodwala impso amupewe.

MphunzitsiWaKuChadiza
Tikambeko za nsima ya masana. Aliyense wophunzitsa amadziwa kuti kalasi ya 2 koloko masana ndi yovuta. Mbali ina ndi wotchi ya thupi, imene imatsika yokha pakati pa 1 ndi 3 koloko ngakhale usanadye. Mbali ina ndi mbale. Mitanda itatu ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa imakweza shuga msanga n'kumutsitsanso msanga. Mgaiwa umagayika pang'onopang'ono. Tsiku lolemba masana chepetsani nsima, chulukitsani ndiwo zamasamba ndi nyemba, mukatha muyende mphindi 10. Tulo tikakula, gonani mphindi 20 mutatchera alamu. Mukapitirira mphindi 30 mumalowa tulo tofa nato ndipo mumadzuka mutu uli wolemera. Kulembera pa njala nakonso sikuthandiza. Mbatata yophika, nshawa zokazinga kapena dzira m'mawa zimagwira nthawi yaitali kuposa zitumbuwa ndi tiyi wa masupuni 4 a shuga.

Ndakatulo_zaUsiku
Nanga khofi? Musandiuze kuti nayenso ndi mdani.

NamwinoWaKuKatete
Si mdani, nkhani ndi nthawi ndi muyeso. Munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 400 a caffeine pa tsiku, wapakati 200. Kapu ya khofi wa m'chitini ili ndi 60 mpaka 80, ya tiyi 30 mpaka 50, kachitini ka energy drink ka mamililita 250 cha pa 80, ndipo zitini zazikulu zimaposa. Thupi limachotsa theka pa maola pafupifupi 5. Khofi wa 4 koloko madzulo, theka lake lidakali m'magazi 9 koloko usiku. Mumagona, koma tulo tosazama, mawa mumafuna makapu awiri, mkucha atatu. Lekezani masana. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo ta m'bandakucha, tija ta maloto, ndipo munthu amadzuka 3 koloko maso ali gwa.

Mankhwala ena amasokonezanso mutu anthu osadziwa. Piriton wa chimfine amagonetsa mpaka tsiku lotsatira. Ena amene amamwa ma ARV a TLD madzulo amasowa tulo. Musasiye, kauzeni a kukliniki, nthawi zambiri amangosamutsira m'mawa. Panado asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, ndipo wommwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi angayambe kudwala mutu wobwera ndi mankhwalawo. Mu Okutobala, pansi pa malata opanda siling'i, mutu wambiri ndi ludzu. Ikani botolo la malita 2 pa tebulo lithe pofika madzulo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa.

MlangiziWaAchinyamata
Chimodzi chisatsalire. Nthawi zina magazi ali bwino, BP ili bwino, mpando uli bwino, koma munthu sakufuna kanthu. Osati kulemba kokha: chakudya sichikoma, kucheza sikukoma, amadzuka usiku osagonanso, amadziona wopanda pake. Zikapitirira masabata 2, ndi matenda a maganizo ndipo ali ndi chithandizo. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Amene nkhani yamuimira amasangalalabe ndi mpira, ndi tchalitchi, ndi anzake. Uyu zonse zazima pamodzi. Kumuuza kuti limbani mtima, kapena kuti ululu wake ndi umene udzamupatse ndakatulo zabwino, ndi kumukankhira kuphompho. Wina akalemba zosonyeza kuti watopa ndi moyo, musangoyamikira ndakatuloyo. Muimbireni, mumufunse mwachindunji, mumuperekeze ku chipatala.

Ndakatulo_zaUsiku
Apa sinditsutsa. Koma za usiku ndikadali pomwepo. Si anthu onse anapangidwa kukhala a m'mawa.

MphunzitsiWaKuChadiza
N'zoona, alipo a usiku mwachibadwa, makamaka achinyamata. Ngati ntchito yanu ikulolani kugona 1 koloko n'kudzuka 8 koloko tsiku lililonse, maola 7 akwana, palibe mlandu. Choononga ndi kugona 1 koloko n'kudzuka 5 koloko, kenako Lamlungu kufuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi.

Mnyamata_waNavutika
Funso lina. Munthu ali ndi masiku 5 kuti apereke sewero la mphindi 30, ndipo walemba theka. Zonse mwanenazi zimafuna nthawi. Achite chiyani sabata imeneyo?

Mkonzi_waKapata
Agawe ntchito, asagawe tulo. Masiku 3 oyamba amalize kulemba osabwerera kukonza za m'mbuyo, zigawo 3 za mphindi 45 pa tsiku, pa nthawi imene mutu wake umakhala bwino. Polekeza asiye chiganizo chimodzi chonena chimene chichitike potsatira, kuti mawa asayambire pa tsamba loyera. Tsiku lachinayi awerenge mokweza sewero lonse ali chiimire, wotchi ili m'manja. Sewero la pawailesi limayesedwa ndi mpweya: chiganizo chimene sangachimalize ndi mpweya umodzi, wosewera nayenso sadzachimaliza, achidule. Tsiku lachisanu m'mawa akonze zolakwika, atumize masana. Usiku womaliza agone. Masamba olembedwa usiku wonse womaliza ndi amene amabwezedwa, chifukwa ndi mmene mumapezeka munthu amene anafa pa gawo lachiwiri akuyankhulanso pa lachisanu.

MayiWaSewero
A Fiziyo, kafunso kamodzi. Zala kuchita dzanzi usiku mpaka kudzutsa munthu, kodi ndi kutaipa kapena ndi magazi?

Fiziyo_Chipata
Onani kuti ndi zala ziti. Chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chinzake chotsatira, ndiye mtsempha wapanikizika pa mfundo ya dzanja. Zimanyanya usiku chifukwa timagona dzanja litapindika, ndipo zimachuluka kwa amayi apakati, odwala shuga ndi ochapa kapena kutaipa kwambiri. Potaipa dzanja liwongoke, lisatsamire m'mphepete mwa tebulo, ndipo usiku muvale chomangira dzanja chowongoka cha ku famase kwa masabata 4 mpaka 6. Ngati ndi chala chaching'ono ndi theka la chinzake, vuto lili pa chigongono: lekani kutsamira chigongono pa thabwa ndi kugona mkono utapindika kwambiri. Dzanzi la manja onse ndi mapazi pamodzi likufuna kupima shuga ndi magazi. Mukaona mnofu wa pansi pa chala chachikulu ukuphwa, kapena makapu akugwa m'manja, musadikire masabata 6 aja, pitani ku chipatala sabata yomweyo.